Tsiku Losinthitsa Lole

Jailosi anapukutanso galasi la lole yakaleyo ndi mkono wa malaya ake. Bwana wake anali atalowa mu ofesi ya galaja, atamuuza m'Chilapalapa, chilankhulo chosakaniza cha m'migodi ndi m'mafamu, kuti adikire panja.

Munali mu Okutobala wa 1956, dzuwa likuswa mtengo. Awiriwo anali atalawira kuchoka ku famu ya fodya kufupi ndi Chegutu kubwera ku Kadoma. Jailosi anayamba kuyendetsa loleyo pamene chifuwa chinamutulutsa mumgodi, ndipo iye ndi loleyo anakalambira limodzi. Sabata yonse bwana anali atamulamula kuti aitsuke, aipake penti, amange zonse zogwedera. Kukomboni nkhani inali imodzi: bwana akukasinthitsa lole.

Nkhaniyo inawakhazika mtima pansi antchito a pafamupo. Matalala anali atawononga fodya zaka ziwiri zotsatizana, ndipo mabanja ena anali atachotsedwa kale ntchito. M'mawa uliwonse mkazi wa Jailosi, Esime, ankamufunsa kuti akawathamangitsa adzalowera kuti. Kwawo ku Ntcheu anachokako ali mnyamata. Makolo anamwalira iye kulibe, munda anagawana ena, ana ake ankamuyankha m'Chishona. Koma munthu amene famu ikumukanika sagula lole yatsopano. Umu ndi mmene anamuyankhira Esime tsikulo asananyamuke.

Makaniko wa pagalajapo, Jobu, anali wochokeranso ku Nyasalande. Atamva chilankhulo cha kwawo anaika sipanala pansi n'kumuonetsa mnzakeyo mmene malonda amayendera. Galimoto zoimikidwa kutsogolo, zopukutidwa bwino, ankagulitsa imodziimodzi pamtengo wokwera. Za kuseri kwa mpanda ankazipikulitsa zambiri nthawi imodzi kwa amalonda a mumzinda waukulu, pamtengo wongotaya. Ndiye panali osinthitsa, amene amabweretsa yakale, kuwonjezera ndalama, n'kutuluka ndi yatsopano.

Maso a Jailosi anali pa lole yobiriwira imene inaima pafupi ndi chipata, matayala ake asanaponde fumbi. Jobu anati imeneyo inali italipiridwa kale, inkangodikira dalaivala.

Jailosi sanafunsenso. Jobu atabwerera kuntchito, iye anaizungulira loleyo, kuigogoda ndi chala, kenako anakwera mwakachetechete. Mpando unali wofewa, ukununkhira chikopa. Anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri. Anaganiza zoti akafika pakomboni adzaimba hutala patali, kuti Esime atuluke aone yekha. Chifuwa chitamugwira anatsika msanga, kuopa kudetsa.

Anakhala pamthunzi wa khoma. Dzuwa linafika paliwombo. Kusiteshoni sitima inalira n'kunyamuka. Azungu ena analowa mu ofesi, ena anatuluka. Njala inamupweteka, koma sanafune kupita kukafuna sadza, nsima ya kumeneko, kuopa kuti bwana angamusowe ndi makiyi m'manja.

Dzuwa litapendeka, dalaivala wina wovala ovolosi ya kumgodi anafika, anakwera lole yobiriwira ija n'kutuluka nayo pachipata. Jailosi anaimirira. Anadziuza kuti mwina yawo ili m'kati, mwina ibwera mawa pa sitima.

Jobu anatulukira ku ofesi akuyenda pang'onopang'ono, maso ali pansi.

"Achimwene, akuti lole yanuyi muiimike kuseri kwa mpanda, makiyi mundisiyire."

"Kuseri? Nanga yatsopano titenga liti?"

Jobu anapukuta manja ndi kansanza kwa nthawi yaitali.

"Ndangomva kumene kwa kalaliki. Bwana wanu sanabwere kudzasinthitsa. Wapikulitsa zonse, lole, thirakitala ndi ngolo zomwe. Famu anagulitsa mwezi watha kwa oweta ng'ombe, ndipo akuti komboni aigwetsa. Iye watulukira khomo la kumbuyo, wakwera sitima ya masana ija."