Chibwibwi cha Mwana wa Eni

Kamtsikana ka pa kanemayo kanatsegula pakamwa, mawu n'kukana kutuluka.

"Ndi-ndi-ndi… ndikufuna ku-ku-ku…"

Ana anzake anafa nacho chiseko. A Lumo anaimitsa kanemayo n'kuyang'ana wotchi ya pakhoma. Leveni koloko inali itangokwana. Mdzukulu wawo anati abwera hafu pasiti wanu, chifukwa ikangodutsa thu koloko aphunzitsi a kukoleji salandiranso ntchito ya munthu, ndipo wosapereka amabwereza chaka.

Dzina loti Lumo analipata kalekale, m'masiku amene ankadula matepi a maukwati ndi lumo lenileni n'kumata ndi selotepi. Tsopano ankadulira pa kompyuta, koma kashopu kanali komweko, kuseri kwa telala, kopanda zenera.

Mdzukuluyo, mtsikana wa kukoleji, anali atafika m'mawa ali wefuwefu, kakhadi ka mu kamera kali m'manja.

"Ndi sewero la ana, agogo, tajambula ndi anzanga. Zidutswa zili ndi manambala. Mungolumikiza basi, musachotse kanthu. Ndiponso musamale, zonse zili m'kakhadi komweka, kwina kulibe." Atatero anathamangira ku mayeso.

Musachotse kanthu! Ana ophunzira amatero. Akangodziwa kugwira kamera amayesa kuti ena tonse tinabadwa dzulo.

A Lumo anatsegula chidutswa chachiwiri, chachitatu, chachinayi. Monsemo zinali zomwezo. Ana ali m'kalasi yoyerekezera, wina wavala jekete la bambo ake kuti akhale mphunzitsi. Kamtsikanako kakaimirira, lilime limakakamira, khosi n'kuuma, maso n'kutsinzina. Anzake n'kuseka. Choipitsitsa, wogwira kamera sankaimitsa. Ankatembenukira kwa osekawo, nkhope imodziimodzi, ngati akuwerenga mbuzi.

A Lumo anapsa mtima. Pa ana onse a m'dzikoli, anyamata ndi atsikana a kolejiwa anakasankha dala mwana wachibwibwi kuti anthu apezepo choseka. Ndipo mdzukulu wawo, magazi awo enieni, anali pomwepo osaletsa.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Iwo chisekocho ankachidziwa. Ali Sitandade 4 mphunzitsi anawaimiritsa kuti awerenge mokweza, iwo n'kukodwa pa liwu loyamba. Kalasi yonse inagwa nacho chiseko, mphunzitsinso anabisa pakamwa ndi buku. A Lumo anatuluka tsiku lomwelo osabwereranso kusukulu. Mpaka lero akasitomala ena amawamalizira mawu ngati akuthandiza wolumala kuwoloka msewu.

Anakoka mpando. Kulumikiza kokha kunali kwa mphindi makumi awiri. Zimene ankafunazi zinali za tsiku lathunthu, koma anayamba.

Anakulitsa timizere ta mawu mpaka "ndi-ndi-ndi" aliyense anaoneka payekha ngati mano a sowo. Ankadula awiri n'kusiya mmodzi. Akadula, mutu wa mwanayo unkadumpha, ndiye ankaphimba podumphapo ndi chithunzi cha bolodi, kapena cha mapazi a ana pansi pa desiki. Chiseko chonse anachichotsa. Nkhope za osekawo anazitaya.

Thwelofu koloko. Makina a telala ankalira kuseri kwa khoma. Thukuta linkatsikira m'magalasi.

Wanu koloko. Anali atadula malo makumi asanu ndi limodzi. Anabweza kanemayo poyambira n'kumvetsera.

"Ndikufuna kuwerenga," kanatero kamtsikanako, mawu oyera ngati madzi.

A Lumo anavula magalasi n'kuwapukuta.

Kenako anaganiza za achinyamata aja. Amawadziwa. Akapeza zoyambirira zija aziika m'mafoni, mawa lino mwana wa eni ali pakamwa pa tauni yonse. Anatsegula kakhadi kaja n'kufufuta zonse. Anafufutanso za mu kompyuta, osasiya ngakhale m'nkhokwe ya zinyalala. Makinawo anafunsa kawiri ngati akutsimikiza. Anatsimikiza.

Mdzukulu anafika mochedwa ndi mphindi khumi, atagwira mwana padzanja. Kanali kamtsikana komweko, kakang'ono kuposa mmene kankaonekera pa kanema.

"Wandikakamira kuti adzadzione. Tiyeni agogo, nthawi yatha. Iwe, pereka moni kwa agogo."

"Mu-musiye mwana," anatero a Lumo msanga. "Asa-asavutike."

Anayatsa kanemayo n'kupinda manja pachifuwa. Sankayang'ana kanemayo, ankayang'ana mdzukuluyo, kudikira kuti manyazi amugwire. Mphindi imodzi isanathe mtsikanayo anasiya kumwetulira. Anaweramira pafupi, n'kuthamangitsa kanemayo kutsogolo, n'kubwezanso. 

"Agogo, mwachita chiyani?"

"Zi-zimene inu o-ophunzira zinakukanikani. U-umunthu."

"Chabwino, tilibe nthawi. Ndipatseni zoyamba zija, ndikapereka zosalumikiza zomwezo."

"Nda-ndafufuta."

"Mu kompyutamo?"

"Ko-konse."

Mtsikanayo anakhala pansi, pasimenti penipeni, manja kumutu. Wotchi inkati kwatsala kotala kuti ikwane thu koloko. A Lumo sanagwedezeke. Chaka chimodzi cha sukulu n'chiyani poyerekeza ndi moyo wonse wa mwana?

Pamenepo kamtsikanako kanawakoka malaya, n'kuyankhula mothamanga ngati wailesi, osapunthwa ngakhale pamodzi.

"Agogo, nanga chibwibwi changa mwachiika kuti? Ndinavutika nacho mwezi wathunthu kuti ndichiphunzire! Sewero lonse ndi la mwana wachibwibwi, loti anthu asiye kumuseka. Ndiye pano lakhala la chiyani?"