Foni ya Misheck m'Belo la Fodya

Panali munthu wina ku Wimbe, kwathu kuno ku Kasungu, dzina lake Misheck. Anali mlimi wa fodya wolimbikira, koma woumira kwabasi. Ndalama ikalowa m'thumba mwake inkaiwala njira yotulukira.

Chaka china fodya atamuyendera bwino, anagula foni yapamwamba. Ankajambula chilichonse: nazale, mizere, chigafa, njinga yamoto, mpaka masamba a fodya limodzilimodzi. Mchemwali wake Dorika, mphunzitsi wa pulayimale, anamutsegulira akaunti kuti zithunzizo zizisungikanso pa intaneti, malo aja amati kilaudi. Malo aulere sanachedwe kudzaza, ndipo foni inayamba kuchenjeza kuti zithunzi zatsopano sizikusungidwanso.

Dorika atauona uthengawo anati, "Achimwene, izi musazinyozere. Lipirani malo owonjezera, pamwezi sizifika n'komwe mtengo wa nkhuku. Ngati simukufuna, fufutani masamba a fodyawa kuti malo apezeke."

Misheck anaseka. "Ndizilipira lendi ya nyumba yomwe sindinaionepo? Zithunzi zili m'foni, foni ili m'thumba mwanga. Ndipo fodya wanga sindifufuta, ndimaonetsa anzanga kukalabu."

Uthengawo ukabwera ankangoukankha ndi chala. Anachita zimenezi zaka ziwiri.

Tsono mayi awo, a Nambewe, anali munthu wokana kujambulidwa moyo wawo wonse. Wojambula akafika paukwati, iwo ankatembenuka kapena kubisala kukhitchini. Ankati, "Chithunzi n'cha chiyani ine ndili pompano?" M'banja monse munalibe chithunzi chawo ngakhale chimodzi.

Koma tsiku lina, thupi litayamba kufooka, anachokera kumapemphero a amayi a Mvano atavala bulauzi yoyera ndi duku loyera, n'kuitana mwana wawo.

"Misheck, bwera nacho chifoni chakocho. Jambula kamodzi kokha. Ichi mudzaike pachiliza panga, adzukulu adzandidziwe nkhope."

Anawajambula atakhala pampando pakhonde, akumwetulira. Dorika anapempha kuti amutumizire. "Bandulo yatha, ndikutumizira mawa," anatero Misheck. Mawa lakelo silinafike. Patapita miyezi inayi a Nambewe anamwalira.

Chaka chotsatira abale anagwirizana kuti fodya akagulitsidwa amange chiliza. Mmisiri anauzidwa kuti asiye malo ozungulira pamwamba pa dzina, poika chithunzi. Dorika anakumbutsanso kawiri. Misheck anangomenya thumba la malaya n'kunena kuti, "Amayi ali muno, usade nkhawa."

Inafika nthawi yodinda mabelo. Misheck sankakhulupirira aganyu pantchito imeneyi, ankayala yekha fodya m'bokosi asanatsitse jeke. Tsiku limenelo anawerama, kuyala, kuwerama, kuyala. Foni inapulumuka m'thumba la malaya n'kugwera pakati pa fodya, iye osamva kanthu. Anaikapo fodya wina pamwamba, n'kuuza anthu kuti apanikize kwambiri, belo lilemere.

Anadzazindikira atasoka kale mabelo asanu. Anaimba nambala yake pafoni ya mkazi wake, sinapezeke. Anayamba kusolola ulusi, belo ndi belo, thukuta lili kamukamu. Anaipeza m'belo lachinayi itapindika ngati phale.

M'mawa mwake anathamangira kuboma kwa wokonza mafoni. Wokonzayo anaitembenuza kawiri n'kupukusa mutu.

"Bambo, iyi yafa, mulibe chotulutsa. Koma munali ndi akaunti?"

"Eya, mchemwali wanga ananditsegulira."

"Ndiye mwapulumuka. Gulani ina, zonse zibwerera."

Munthu woumira uja anagula foni pomwepo osatsitsa n'komwe mtengo. Analowa mu akaunti, zithunzi zinayamba kutsika, iye mtima unakhala m'malo. Anaona nazale. Anaona chigafa. Anaona njinga yamoto kutsogolo, kumbuyo, m'mbali. Anaona masamba a fodya osawerengeka. Kenako zithunzi zinatha.

"Zinazo zili kuti?" anafunsa.

Wokonza mafoni anaona tsiku la chithunzi chomaliza. "Zinasiya kusungika kalekale. Malo anadzaza. Foni sinkakuuzani?"

Misheck anatembenuka. Anatuluka panja, n'kukhala pansi pakhonde la sitolo, bambo wamkulu, misozi ili mbwembwembwe anthu akuona.

Anayenda khomo ndi khomo, kutchalitchi, kwa amayi a Mvano, kwa wojambula maukwati. Chimene anapeza ndi chithunzi chimodzi cha paukwati wina, a Nambewe akuoneka msana wokha akulowa kukhitchini.

Tsiku lovundukula chiliza anthu anabwera ambiri. Nsalu itachotsedwa, dzina linalipo, zaka zinalipo, koma pamalo ozungulira paja panali simenti yokhayokha. Mwana wa Dorika, amene anali akuyamwabe pomwe agogo ake ankamwalira, analoza ndi chala n'kufunsa kuti agogo ali kuti.

Dorika sanakalipe. Anayang'ana mchimwene wake n'kunena motsitsa mawu, "Achimwene, amayi anatipempha chinthu chimodzi chokha. Nanga tiikepo tsamba la fodya?"

Misheck lero amalipira malo aja mwezi uliwonse osadumphitsa. Malo alipo ambiri, koma chithunzi chomwe amachifuna mulibe.

Phunziro: Foni ndi chinthu chotha, imagwa, imabedwa, imaphwanyika. Ikakuuzani kuti malo osungira adzaza, musakankhe uthengawo. Lipirani malo owonjezera ngati mungathe, apo ayi fufutani zopanda pake lero lomwe, ndipo chithunzi chimene simungachijambulenso mutumizireko m'bale wanu. Phunziroli musalisunge nokha, lipatsireni aliyense amene ali ndi nkhope ya kholo lake m'foni imodzi yokha.