Batani Lofufutika

Chimbale chitalowa, kompyuta inayamba kulira ngati chigayo chakutali.

Tinaigula kwa manijala wa esiteti yathu akusamuka. Zithunzi za malemu mkazi wanga Debora zinali mmenemo basi, ndiye inali itakana kuyaka. Osema chiliza ankafuna chithunzi Loweruka.

Chimbale chodzutsira kompyutacho anatikonzera aphunzitsi a Amosi. Anandichenjeza kuti, "Pagalasi pakabwera mawu oyera mudine batani la R. Mukadina pena, mutha kufufuta zonse."

Mawuwo anabwera. Ndinawerama, koma zilembo za pamabatani zinali zitatha kale ndi zala za adzukulu.

"Ndi ili, ababa," anatero Enid, mwana wanga woyamba, akuloza.

"Ukutsimikiza?"

"Ndikuona ngati."

"Ukuona ngati? Amako ali mmenemu, iwe!"



Zala zanga zinakakala ndi kuthyola tiyi, chimodzi chimaphimba mabatani awiri. Ndinapendeketsa dzanja, n'kudina batani analoza Enid lija ndi kachala kakang'ono.

Pagalasi panada bii. Enid anagwira pakamwa. Tinadikira, chimbale chikungozungulira.

Kenaka panawala. Debora anatulukira, dengu kumsana, akuseka.

"Ababa," anatero Enid motsitsa, "chotsanitu chala."