Gule wa Genivaldo

Mpira utangogwedeza ukonde, Genivaldo anathamangira kukona. Mwambo wa osewera ndi wakuti ukachinya timu yako yakale suvina, umakweza manja kupepesa. Tsono iye chichokereni ku Brazil anali atasewerera pafupifupi timu iliyonse ya ku Romania, moti zigoli zake zonse zinkathera m'kupepesa. Mwana wake Luana anali asanamuonepo akusangalala pabwalo. Tsikuli anamulonjeza gule, poti timu ya malaya obiriwira yomwe ankalimbana nayo sankaidziwa n'komwe.

"Vina msanga, nkhalamba iwe," anakuwa Costel, kaputeni wake, "chisanu chisanakuumitse chiuno!"

Atangoyamba kutyola chiuno, bambo wina wachikulire wochemerera obiriwira anakakamira waya wa mpanda.

"Geni! Mwana wathu! Watiiwala? Si iwe unkamaliza kabichi wa mkazi wanga Lamulungu lililonse?"

"Bambo Vlaicu? Inu si a timu yofiira ija inatha?"

"Ndife omwewo! Titagwa tinangosintha dzina ndi malaya."

Genivaldo anacheukira Luana, yemwe anali ataimirira kale pampando akuwomba m'manja. Anakweza manja pang'onopang'ono, nkhope itagwa. Koma chiuno chinali chitadikira zaka zambiri, ndipo chinakana kumva. Chinapitiriza chokha mpaka woimbira masewero anachita kubwera kudzamukankha.

Pofika Lolemba, ana onse a kusukulu kwa Luana ankavina choncho, manja m'mwamba, nkhope ya pamaliro, ati ndiye samba yeniyeni ya ku Brazil.