Mwana 17 ndi wa ndani?

Panali munthu wina, mayi wachitsikana dzina lake Benilde, wa m'mudzi wina wa panjira ya ku Chiputo. Usiku wina tulo tinamuthawa. Mwana wake Nelito anali mtulo pambali pake, koma iye maso ali gwa kudenga, funso limodzi likumudya mumtima: Mwana 17 ndi wa ndani?

Nkhani yake inayamba chonchi. Benilde sukulu anailekera panjira, koma kulemba ankatha, ndiye amayi anzake anamusankha kuti azithandiza achipatala kuyeza ana m'midzi. Anamwino a ku Fingoe, Dona Georgina, anamupatsa fita yoyezera mkono wa mwana. Mitundu ya pa fitayo inali itafufutika, choncho ankangolemba nambala imene waona.

"Kumasulira manambala ndi kwa ife," anatero anamwinowo. "Inu amake Nelito, gwirani dzina la mwana, la mayi ake ndi mudzi. Mukakalembetsa pa komputadori, mapepala anu musataye."

Loweruka lina amayi a midzi yozungulira anadzaza khonde la tchalitchi kudzayezetsa ana awo. Ana ankalira, mvula inkawaza, Nelito naye ankafuna bere. Benilde anayeza onse osadzutsa mutu, mapepala n'kunyowa m'mbali.

Lolemba anakwera lole kupita ku Fingoe. Komputadori ya kuchipatala inali itafa, ndiye anapita kumsika, pa baraka, kasitolo ka mwamuna wina wobwera ndi okumba golide, dzina lake Osório, amene ankatchaja mafoni ndi kulembera anthu makalata.

Osório anatembenuza mapepalawo, nakwinya nkhope.

"Mana, mlongo wanga, mayina onsewa? Ena achita kufufutika. Tikhala pano mpaka nkhuku zitalowa, pamene ine anthu a golide akundidikira."

"Anamwino anati mayina ndi ofunika."

"Anamwinowo amangotumiza kwa akuluakulu, ndipo akuluakulu amawerenga mitu basi. Taonani kuno."

Pa komputadori yake analemba liwu limodzi, Mwana. Analibwereza kutsika tsamba lonse: Mwana, Mwana, Mwana. Kenako anadina mabatani angapo, manambala n'kutulukira okha: Mwana 1, Mwana 2, Mwana 3, mpaka pansi. Pambali pake anaikapo miyezo, akutola mapepala mmene anasakanikirana muja.

"Mwaona? Makina satopa ngati anthu akumudzi."

Benilde anaseka nawo. Anakayikira ndithu, koma lole yobwerera kwawo inali itayamba kuliza hutala, ndipo ina sikanabwera sabata imeneyo. Anasiya tsamba loyera bwinolo kwa mlonda wa pachipatala, nathamanga. Mapepala onyowa aja anatsala pa baraka.

Lachinayi madzulo Benilde atakwera pachulu pomwe foni imagwira, Dona Georgina anaimba.

"Amake Nelito, mwanditumizira chiyani ichi? Ana anu alibe mayina? Chabwino, zimenezo tikambirana. Mwana 17 ndi wa ndani? Mkono wake waonda moopsa. Abwere kuno msanga asanayambe kutupa."



"Ndikayang'ana pa pepala, Dona," ananama Benilde.

Pomwepo anaimbira Osório.

"Mapepala aja? Mayi wa mandasi anakulungira malonda ake. Ine ndinalemba zimene inu munavomereza, mana." Anadula foni.

N'chifukwa chake usiku uja sanagone. Ankayesa kukumbukira nkhope za ana aja, koma m'mutu mwake munkangobwera tsamba loyera lija: Mwana, Mwana, Mwana. Anagwira kamkono konenepa ka Nelito, misozi n'kutsika. Kwinakwake kunali mayi amene anagona mtima uli m'malo chifukwa chokhulupirira iye.

Kutangocha anakweranso pachulu paja, nauza Dona Georgina zoona zonse. Anamwinowo anamuuza nambala ya muyeso wa mkono wa Mwana 17, kenako anati, "Kulira muchite pambuyo. Pitani."

Anabereka Nelito, natenga fita ndi cholembera.

"Nanga kumunda?" anafunsa mwamuna wake, Caetano, khasu lili paphewa.

"Udzu ungadikire, bambo ake Nelito. Mwana wa eni sangadikire."

Anayamba khomo ndi khomo, mudzi ndi mudzi, kuyezanso mwana aliyense. Ena ankamuseka. "Mwaiwala chiyani, adokotala athu?" Iye anangopitirira. Anawoloka mtsinje madzi akumufika m'mawondo, matope akumuvula nsapato.

Dzuwa litakwera, anafika pa kanyumba kakumapeto kwa mudzi wa tsidya. Mayi wina, Teodora, anali atakhala pakhomo, kamtsikana kali pamiyendo. Kamwanako sikankalira n'komwe. Mapazi ake anali atayamba kutupa. Benilde anakulunga fita pamkono, naona nambala yomwe anamwino anatchula.

"Ndinkadikira uthenga, mana," anatero Teodora modekha. "Paja munati akapeza vuto adzatitchula dzina. Nditaona kuti kuli zii, ndinati ndiye kuti mwana ali bwino, ndi mano chabe."

Benilde anagwada pansi. Sanathe kumuyang'ana m'maso.

"Wolakwa ndine, mayi. Dzina lake silinafike kuchipatala. Ndiuzeninso, dzina lake ndani?"

"Elsa."

Analilemba ndi zilembo zikuluzikulu. Kenako anamasula kapulana yake yachiwiri, chitenje cha m'chiuno, napatsa Teodora kuti afunditse mwanayo, iye n'kuthamangira kumsewu kukaimitsa njinga yamoto yowatengera kuchipatala.

Phunziro: Makina amatha kupereka manambala, koma sadziwa khomo la munthu. Mukapatsidwa ntchito yokhudza anthu, musafufute mayina awo chifukwa chofulumira, ndipo musasiye malangizo a amene anakutumani n'kumvera mlendo wofuna kuthana nanu msanga. Kuseri kwa nambala iliyonse kuli mwana wa munthu. Nkhaniyi tumizirani amayi anzanu ndi onse olemba mayina a anthu, kuti wina asadzachezere usiku ngati Benilde.