Ife Wake Ndani?

Pofika pa mlakatuli wachisanu ndi chiwiri, a Misheck anali atatopa nawo mawu oti "ife". Ife alimi, ife asodzi, ife olira. Ana a masiku ano! Munthu khasu sanaligwirepo, koma akangoona maikolofoni basi wasanduka pakamwa pa mudzi wonse.

A Misheck ndiwo ankaweruza mpikisano wa ndakatulo mu holo ya pa Golomoti. Anawaitana kuchokera ku Lilongwe poti anali mphunzitsi wa Chichewa wotchuka, komanso mwana wa konkuno. Kwawo kunali kutsidya kwa njanji, kungoti nthawi yokapondako inali itawasowa chaka chonse. Ndakatulo yopambana inali yoti ikamveke pa wailesi.

Womaliza anali Jenifa, mtsikana wogulitsa tomato pamsika. Yake inali ya madzi a mu Livulezi amene anakokolola midzi mu Januwale. Ananeneratu kuti akulimbira wailesiyo, kuti mwina a boma akamva angawamangire chotchinga madzi dzinja lisanabwerenso.

A Misheck anavala magalasi awo owerengera, aja akawavala zakutali zimangooneka mbuu, n'kuweramira pepala la mtsikanayo ndi cholembera chofiira. Ndakatulo yake iti pamenepa? Mzere uwu wautali, winawu wachidule, mwambi ngakhale umodzi ayi. Apa ikuyankhula ngati nkhalamba, apo ngati mwana wa pulayimale. Anachita nayo manyazi m'malo mwa mwiniwake.

Omvera nawonso mwambo analibe. Jenifa akatchula mzere, wina dzandi, kenako n'kukhala. Mzere wina, winanso dzandi, ngati akhalira linthumbu. A Misheck anangotsonya, maso ali papepala. Mzere wotsiriza anautseka mmunsi kawiri mpaka pepala kung'ambika.

Itakwana nthawi yopereka chigamulo, anaimirira n'kukonza tayi.

"Iwe Jenifa, wailesi uiiwale," anatero. "Ukuti ife, ife. Ife wake ndani? Anakutuma ndani? Ine ndinabadwira kuno, anthu a kuno ndimawadziwa, sayankhula chonchi. Tamverani mzere uwu: 'Tinagulitsa mpunga kuti mwana aphunzire, madzi atatifika m'khosi, mwanayo anatipepesa pa foni.' Bodza lofunira misozi! Ndi mayi uti wa kuno angayalutse mwana wake pagulu chotere? Mwina mayi wopanda nzeru. Ngati alipo, aimirire timuone."

Ngakhale amene ankatafuna nzimbe pazenera analeka. A Misheck anamwetulira, poganiza kuti choonadi chawabaya anthuwo.

Jenifa anapinda pepala lake bwinobwino.

"Aphunzitsi, mmenemu mulibe mawu anga ngakhale amodzi. Ndinayenda tenti ndi tenti ku kampu ya othawa madzi, aliyense n'kundipatsa mzere wake. N'chifukwa chake ndikamawerenga, mwini mzere amaimirira."

A Misheck anavula magalasi aja. Kumbuyo, pafupi ndi khomo, mayi awo, a Fagness, anali ataimirira kachiwiri.