Mbewu Imene Kompyuta Inakana

Panali munthu wina ku Nkhotakota, dzina lake Fakiri, wolemba mapulogalamu pa kampani ina yogawa mbewu ya mpunga kwa alimi. Ine ndangoimva kwa amene analipo, ndiye musati ndikupeka.

Kampaniyo imagwiritsa ntchito kompyuta yaikulu yakale ija ya zilembo zobiriwira. Mapulogalamu ake amatumana ngati ana a nyumba imodzi: yotulutsa katundu imaitana yosankha matumba, iyo n'kuitana yofufuza ngati mbewuyo inayesedwa kuti imamera. Yapansi ikapunthwa imatumiza uthenga wa vuto kwa imene yaiitana, uthengawo n'kumakwera mpaka ntchito yonse kuima.

Chaka chimenecho mvula inafulumira. Alimi a ku Kanyenda, kuphatikizapo mayi ake a Fakiri, a Aziza, anali atakonza kale nazale, akungodikira mbewu. Malole ali pakhomo, madalaivala akuliza mahutala, kompyuta n'kuima. Fakiri anaiyambitsanso, inaimanso pomwepo.

Anaimbira foni a Marjory, mkulu wake pa ntchitoyo, amene anali kumaliro ku Dwangwa.

"Madamu, ikungoima. Ndingoika MONMSG CPF0000 pamwamba, malolewa anyamuke."

Kwa inu osadziwa, umenewo ndi mzere umodzi wouza pulogalamu kuti uthenga uliwonse wa vuto ukafika ingoumeza, ipitirize.

"Musayerekeze," anatero a Marjory. "Pulogalamu imene yaima si imene yalakwa. Tsikani nawo uthengawo, muone waitana mnzake ndani, mpaka mupeze imene yayamba kulira. Mukalephera, malole agone, mawa ndibwera."

"Mawa ndi kutali, madamu."

Fakiri anadula foni n'kuulemba mzere uja. Kompyuta inangoti zii, osadandaulanso, malole n'kunyamuka. Fakiri anayenda mapewa m'mwamba, anzake akumutcha dokotala. Udokotala wake uti, wotseka pakamwa wodwala?

Chimene pulogalamu yapansi imalirira n'chakuti matumba enawo sanali mbewu ayi. Unali mpunga woumitsidwa ndi moto wa makina, wodikira kupunthidwa, umene unaikidwa molakwika mbali ya mbewu. Zotsatira za kuyesedwa kwake panalibe, ndiye pulogalamuyo imakana. Itatsekedwa pakamwa, yapamwamba inaona ngati zonse zili bwino.

Alimi anafesa. Anadikira, anathirira, anadikiranso. Nazale ili mbee, ndi udzu wokha umene unamera. Pomwe a Marjory, atamva madandaulo a alimi, amatsika nawo mauthenga aja n'kupeza gwero, nthawi yowokera inali itadutsa.

Fakiri anapita ku Kanyenda. Anapeza mayi ake atakhala pamzere wa munda, atafumbata mpunga wovunda.

"Amayi, ndine ndinalakwitsa. Makina amandichenjeza, ine ndinawatseka pakamwa."

A Aziza sanakalipe. Anangoutaya mpungawo n'kupukuta manja pachitenje.

"Anzanga amafuna kufesa mbewu yawo yakale. Ndinawaletsa ndine, khomo ndi khomo, ndikuti iyi yadutsa m'manja mwa mwana wanga. Tsono nyamuka, tiye ukawauze wekha."

Phunziro: Uthenga wa vuto si mdani wako, ukukuuza pamene pawola. Usaumeze chifukwa chofulumira. Utsatire mpaka kumene wachokera. Wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu. Tumizani kwa onse ogwira ntchito pa makompyuta, makamaka odzitcha madokotala aja.